Katangale wa msonkho wa wisiki ku America mu 1875: mafunso ndi mayankho

Kodi nkhani imeneyi ndi yotani kwenikweni?

Ndi nkhani ya akuluakulu otolera msonkho m'boma la United States amene anapangana ndi eni mafakitale otcheza wisiki kuti azigawana ndalama zimene zikanapita kuthumba la boma. Gululi limadziwika ndi dzina lakuti Whiskey Ring. Likulu lake linali mzinda wa St. Louis m'chigawo cha Missouri, koma mizu yake inayanga mpaka ku Chicago, Milwaukee, Cincinnati, Peoria ndi New Orleans, ndipo muzu wina unalowa mu Washington momwe. Zonsezi zinaululika mu May 1875, Ulysses S. Grant ali pulezidenti. Anthu 238 anaimbidwa milandu, 110 anapezeka olakwa, ndipo boma linalanditsa ndalama zoposa madola 3 miliyoni. Mmodzi mwa oimbidwa milanduwo anali mlembi wa pulezidenti, Orville Babcock, munthu amene ankatsegula makalata a Grant tsiku ndi tsiku, ndipo pa iyeyo ndi pamene kafukufuku yense anaphwa mphamvu.

N'chifukwa chiyani msonkho wa wisiki unali wokopa akuba chonchi?

Chifukwa unali waukulu kwambiri poyerekeza ndi mtengo wotchezera mowawo. Boma linakhazikitsa msonkhowu mu 1862 pofuna ndalama zomenyera nkhondo yapachiweniweni, ndipo unayamba pa masenti 20 pa galoni, yomwe ndi malita pafupifupi 3.8. Pofika mu 1865 unali utakwera kufika pa madola 2. Wisiki ndi mowa wotcheza kuchokera ku chimanga ndi mbewu zina, ndipo m'madera amenewo chimanga chinali mbwee, choncho msonkho unaposa kutalitali mtengo wa mowa weniweniwo. Zotsatira zake zinali zoseketsa: m'misika wisiki ankagulitsidwa pa mtengo wotsika kuposa msonkho wake, ndiye aliyense wodziwa kuwerenga ndalama ankaona yekha kuti mowawo sunalipiridwe.

Mu 1868 Nyumba ya Malamulo inatsitsa msonkhowo kufika pa masenti 50, ndipo ndalama zolowa m'boma zinakwera m'malo motsika. Mu 1872 unakhala masenti 70. Pa fakitale yotulutsa magaloni masauzande pa sabata, masenti 70 pa galoni ndi chuma chosayamba.

Nanga ankaba bwanji, popeza boma linali ndi anthu ake m'mafakitalemo?

Anthu a bomawo ndi amene anali akubawo. Lamulo linkati pafakitale iliyonse pakhale munthu wa boma wosunga makiyi a nyumba yosungiramo mowa, amenenso ankalemba kuchuluka kwa mbewu zolowa ndi mowa wotuluka. Panalinso woyeza, amene ankayeza magaloni a mumgolo uliwonse ndi ukali wa mowawo, n'kumatapo sitampa yosonyeza kuti msonkho waperekedwa. Pamwamba pawo panali wotolera msonkho wa deralo, ndipo pamwamba pa onsewo panali woyang'anira wamkulu wa chigawo. Papepala, unyolo umenewu unali wolimba. Koma ngati wosunga makiyi, woyeza, wotolera ndi woyang'anira onse akudyera mbale imodzi, atsala ndani woti akuwe?

Njira zake zinali zingapo. Fakitale inkatcheza mowa wochuluka koma m'buku ankalembamo wochepa, ndipo wotsalawo unkatuluka osalipiridwa. Woyeza ankatha kulemba magaloni ochepa kapena ukali wotsika. Njira ina inali ya masitampa: mgolo ukakhuthulidwa, sitampa yake inkayenera kuonongedwa, koma iwo ankaisunga n'kuigwiritsanso ntchito, kapena mgolo womwewo unkabwerera kufakitale sitampa ili pompo n'kudzazidwanso. Apa anthu ofunika kwambiri anali eni nyumba zosungunulira ndi kusakaniza wisiki asanapite kwa ogulitsa, chifukwa mowa ukalowa mmenemo n'kutsanulidwa m'migolo ina, wolipiridwa ndi wozembetsa sunkasiyananso.

Mwini fakitale ankapereka kwa akuluakuluwo pafupifupi theka la msonkho umene wazemba, theka linalo n'kukhala lake. Mboni zinauza khoti kuti ku St. Louis ndalamazo zinkasonkhanitsidwa sabata ndi sabata, n'kugawidwa pakati pa atsogoleri a gululo, ang'onoang'ono n'kupatsidwa kawo kotseka pakamwa.

Atsogoleri ake anali ndani?

Ku St. Louis mutu wa zonse anali John McDonald, yemwe anali msilikali pa nkhondo yapachiweniweni. Grant anamuika kukhala woyang'anira misonkho ku Missouri ndi madera oyandikana nawo chakumayambiriro kwa ulamuliro wake, ngakhale kuti anthu ena otchuka a mumzindawo anachenjeza kuti munthuyo sanali wodalirika. Dzanja lake lamanja anali John A. Joyce, wa muofesi ya msonkho yomweyo. Panalinso William McKee, mwini nyuzipepala ya St. Louis Globe komanso mkulu wa chipani cha Grant cha Republican kumeneko, ndi Constantine Maguire, wotolera msonkho. Ku Washington anali ndi William O. Avery, mkulu wa makalaliki ku unduna wa zachuma. Ntchito ya Avery inali yofunika kuposa mmene udindo wake umamvekera: kalata iliyonse yotumiza ofufuza ikakonzedwa, a ku St. Louis ankatsinidwa khutu ofufuzawo asanakwere n'komwe sitima.

Akuti ndalamazo zinali za chipani. N'zoona?

Poyamba ndi mmene ankanenera, ndipo mbali ina zinali zoona. Mu 1870 chipani cha Republican ku Missouri chinagawanika, gulu lotsogoleredwa ndi Carl Schurz ndi B. Gratz Brown litagalukira Grant, ndipo Brown anapambana mpando wa bwanamkubwa. Otsatira Grant anafuna ndalama zolimbitsira chipani, zolipirira manyuzipepala owayankhulira, ndi zokonzekera chisankho cha 1872 chimene Grant anapikisana ndi Horace Greeley. Eni mafakitale ankauzidwa kuti akuthandiza chipani, ndiponso kuti akuluakulu ku Washington akudziwa.

Grant anapambana chisankhocho mosavuta. Kusonkhako sikunasiye. Kampeni inali itatha koma matumba a anthu anali asanadzaze, ndipo zaka za 1873 ndi 1874 mowa wozembetsa unapitirira kutuluka popanda ngakhale chonamizira.

Mwini fakitale wofuna kuchita zolungama akanatha kukana?

Kunali kovuta. Malamulo a msonkho wa mowa anali ambirimbiri ndiponso otopetsa, moti woyeza wofuna kukupezera chifukwa sankalephera. Wokana kulowa m'gululo ankapezeka ndi mlandu wa kanthu kakang'ono, fakitale n'kutsekedwa. Ndipo ngakhale akanamusiya, akanagulitsa bwanji mowa wolipira masenti 70 pa galoni pamene mnzake wapafupi akulipira theka? Izi sizikuwayeretsa eni mafakitalewo, pakuti ambiri analemera nazo ndipo ena analowamo mokondwa. Koma zikusonyeza kuti amene anagwira mpeni kumpini anali a boma.

Zinatheka bwanji kuti zichitike zaka zonsezo osagwidwa?

Mphekesera zinalipo, madandaulo ankafika ku Washington, ndipo ofufuza ankatumizidwa. Ena ankafika n'kupeza mabuku ali bwinobwino chifukwa uthenga unali utawatsogolera. Ena ankalandiridwa ndi manja awiri n'kubwerera ndi kanthu m'thumba. Maulendo ena ankangolephereka asanayambe.

Chitsanzo chabwino ndi cha kumayambiriro kwa 1875. Mkulu wa nthambi ya misonkho, John W. Douglass, analamula kuti oyang'anira zigawo asinthanitsidwe, ndipo McDonald anayenera kupita ku Philadelphia. Cholinga chinali chakuti munthu wachilendo akaone mabuku a ku St. Louis. Andale anachita phokoso, McDonald anagwiritsa ntchito anzake a ku Washington, ndipo Grant anathetsa lamulolo lisanayambe kugwira ntchito. Kwa a m'gululo, umenewu unali umboni woti ali ndi mthunzi waukulu.

Gwero la zonsezi linali kalembedwe ka ntchito. Nthawi imeneyo maudindo a m'boma, kuyambira woyang'anira chigawo mpaka wosunga makiyi, ankaperekedwa ngati mphotho kwa ogwirira ntchito chipani cholamula, ndipo olembedwawo ankayembekezeka kusonkha gawo la malipiro awo kuchipani. Munthu woteroyo amadziwa bwino amene anamuika pampando, ndipo si wokhoma msonkho ayi.

Ndani anaswa gululi, ndipo anachita bwanji?

Benjamin H. Bristow, loya wa ku Kentucky amene anakhala nduna ya zachuma mu June 1874, atalowa m'malo mwa William A. Richardson yemwe anachoka chifukwa cha mlandu winanso wokhudza misonkho. Bristow anali atamenya nkhondo kumbali ya Grant, ndipo ali loya wa boma ku Kentucky ankazenga milandu anthu ozunza akuda amene anali atangomasulidwa ku ukapolo. Sanachedwe kuzindikira kuti chilichonse chodutsa muofesi ya misonkho chimafika m'makutu a McDonald. Choncho anaganiza zofufuza unduna wake womwe popanda undunawo kudziwa.

Thandizo linachokera kwa George Fishback, mwini nyuzipepala ya St. Louis Democrat, amene anali pa mpikisano woopsa ndi McKee. Fishback anapereka dzina la Myron Colony, mtolankhani wa nkhani za malonda, munthu amene ntchito yake ya masiku onse inali kuzungulira m'madepoti a sitima zapamtunda ndi m'madoko a mtsinje wa Mississippi kulemba ziwerengero za katundu wolowa ndi wotuluka mumzinda. Munthu wotere akapempha kuona mabuku a katundu, palibe amene amadabwa. Bristow ndi loya wamkulu wa undunawo, Bluford Wilson, ankalankhulana ndi anthu awo kudzera m'mauthenga achinsinsi osadutsa kwa makalaliki.

Poyamba anaika anthu obisala pafupi ndi mafakitale kuti aziwerenga ngolo za mbewu zolowa ndi migolo yotuluka. Anthuwo anatulukiridwa, koma anali ataona kale zambiri. Kenako Colony anatsata njira imene akubawo sanaiganizire. Mowa wozembetsa unkayenera kuyenda, ndipo kampani ya sitima sinyamula mgolo popanda kuulemba, chifukwa ndi mmene imalipiritsira. Iye anakopera mabuku onse a katundu, osati a wisiki yekha, kuti asadzutse njoka. Ziwerengero za migolo imene inatumizidwa ataziika pambali pa ziwerengero za msonkho umene unalipiridwa, kusiyana kwake kunali poyera, fakitale ndi fakitale. Sipanafunike munthu woulula. Akubawo anagula anthu a boma onse amene akanawagwira, n'kuiwala kalaliki wa padoko.

Pa 10 May 1875 anthu a Bristow analanda mafakitale, nyumba zosakanizira mowa, mabuku ndi migolo ku St. Louis, Chicago ndi Milwaukee tsiku limodzi. Ena mwa okhudzidwa anathawira ku Canada. Mwezi womwewo Douglass anachotsedwa paudindo. Chaka chomwecho McKee ndi anzake anagula nyuzipepala ya Fishback n'kuiphatikiza ndi yawo kukhala Globe-Democrat, koma zinthu zinali zitaululika kale.

Grant anailandira bwanji nkhaniyi?

Poyamba anaima ndi Bristow. Mu July 1875 analemba pakalata ina imene analandira kuchokera ku St. Louis mawu amene anatchuka dziko lonse, akuti wolakwa aliyense asapulumuke ngati n'kotheka kupewa zimenezo. Bristow anaonetsetsa kuti mawuwo afika m'manyuzipepala. Mwina ankadziwa kuti adzawafuna m'tsogolo.

Orville Babcock anali ndani, ndipo analowamo bwanji?

Anali injiniya wa usilikali wophunzira kusukulu ya asilikali ya West Point, yemwe anakhala wothandizira Grant pa nkhondo. Pa 9 April 1865 ndi iye amene anapititsa kalata ya Grant kwa Robert E. Lee, mkulu wa asilikali a kumwera amene ankamenyana ndi boma, ku Appomattox, tsiku limene Lee anagonja. Grant atakhala pulezidenti anamutenga kukhala mlembi wake, ndipo wofuna kuonana ndi pulezidenti kapena kumufikitsira kalata ankadutsa kwa Babcock. Grant anali munthu wosataya mnzake wa kunkhondo, khalidwe labwino kwa msilikali koma limene linamupweteka kangapo pa mpando wa utsogoleri.

Ofufuza atayamba kusanthula matelegalamu a pakati pa St. Louis ndi Washington, anapeza ena achilendo. Yotchuka kwambiri inatumizidwa kwa McDonald mu December 1874, nthawi imene ulendo wa ofufuza ena wopita ku St. Louis unalephereka. Inali yaifupi: zatheka, sapita, ndikulemberani kalata. M'munsi mwake munasainidwa dzina lakuti Sylph, koma zolemba zoyambirira zimene zinasiyidwa kuofesi ya matelegalamu zinali za dzanja la Babcock. Babcock sanakane kuti analemba, anangoti tanthauzo lake linali lina, losakhudzana ndi mowa.

Atamva kuti mlandu ukumuyandikira, anapempha kuti nkhani yake iunikidwe ndi bwalo la asilikali, ndipo Grant anavomera. Oimira boma ku St. Louis anakana kupereka umboni wawo kubwalolo, poona kuti kutero kunali kuonetsa mdani zida zako nkhondo isanayambe. Mu December 1875 Babcock anaimbidwa mlandu kukhoti wamba, bwalo la asilikalilo n'kutha lokha.

N'zoona kuti Grant anachotsa ntchito loya amene ankazenga milanduyi?

Inde. John B. Henderson, yemwe kale anali seneta wa Missouri, anasankhidwa kuti athandize kuzenga milandu ya ku St. Louis, ndipo olemba mbiri amamutchula ngati loya wapadera woyamba wa mtundu umenewu m'boma la United States. Pa mlandu wa Avery, pomangirira mfundo zake, Henderson anafunsa poyera kuti pulezidenti anali ndi ufulu wanji wolowerera ntchito za akuluakulu a misonkho, kutanthauza lamulo losinthanitsa oyang'anira lija. Grant anakwiya, ndipo mu December 1875 Henderson anaona msana wa njira. M'malo mwake munalowa James O. Broadhead, loya wodziwa ntchito, koma amene anayenera kuphunzira mlandu waukulu chonchi m'masabata ochepa. Zaka pafupifupi 100 pambuyo pake, pulezidenti Richard Nixon atachotsa loya wapadera Archibald Cox mu 1973, anthu anakumbukira za Henderson.

Chinthu china chinapweteka kwambiri. Milandu yambiri inkadalira eni mafakitale ndi oyeza amene ankavomera kulakwa n'kuchitira umboni akuluakulu awo posinthana ndi chifundo. Mu January 1876 nduna ya zamalamulo, Edwards Pierrepont, inalembera maloya a boma kalata yoletsa mapangano otere. Kalatayo inatulukira m'manyuzipepala mlandu wa Babcock uli pafupi, ndipo aliyense amene ankaganiza zoyankhula anaona kuti kutseka pakamwa n'kwabwino.

Mlandu wa Babcock unatha bwanji?

Unazengedwa ku St. Louis mu February 1876. Grant anafuna kupita yekha kukaima m'khoti, koma nduna zake zinamuletsa. M'malo mwake anapereka umboni wolumbirira ku White House pa 12 February, pamaso pa woweruza wamkulu wa dziko, Morrison Waite, ndipo umboniwo unakawerengedwa m'khoti. Pa mafunso ambiri okhudza matelegalamu ndi zokambirana Grant anayankha kuti sakukumbukira, koma pa za khalidwe la Babcock sanazengereze: anati amamukhulupirira kotheratu. Mtsogoleri amene anapambana nkhondo, akulumbira kuti mlembi wake ndi wolungama, anthu wamba 12 ogamula mlandu akanatani? Pa 24 February anamupeza wosalakwa. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Babcock anayesa kubwerera padesiki yake ku White House, koma nduna zinaumiriza kuti achoke. Chaka chomwecho anaimbidwanso mlandu wina wosiyana, wokhudza chiwembu chothyola bokosi lachitsulo losungiramo zikalata ku Washington, n'kupulumukanso. Grant anamupezera ntchito yoyendera nsanja zounikira sitima zapanyanja, ndipo anamira m'madzi ku Mosquito Inlet, ku Florida, mu 1884 ali pantchito yomweyo.

Nanga Grant mwini wake anadyako?

Palibe umboni umene unapezeka wosonyeza kuti analandira ndalama za gululi kapena kuti ankadziwa mmene linkayendera. McDonald, m'buku limene anatulutsa mu 1880 atatuluka kundende, ananena kuti Grant ankadziwa, ndipo anafotokoza za mphatso zimene ankapereka ku Washington, monga mahatchi kwa Grant ndi mwala wa dayamondi kwa Babcock. Koma awa ndi mawu a munthu wopezeka wolakwa amene anali ndi mkwiyo poona kuti iye anamangidwa anzake ali pamtendere, ndipo olemba mbiri amawatenga mosamala.

Mlandu wa Grant ndi wina, ndipo suchepa. Anaika McDonald paudindo atachenjezedwa. Anathetsa lamulo limene likanaulula zinthu msanga. Kafukufuku atafika pa munthu wa m'nyumba mwake, anayamba kuona ofufuzawo ngati adani ofuna kumugwetsa. Pa mbali ina sankalakwitsa kukayikira, chifukwa anzake a Bristow ankafunadi kuti munthu wawo akhale pulezidenti. Koma zolinga za wofufuza sizisintha zolembedwa patelegalamu. M'uthenga wake womaliza ku Nyumba ya Malamulo mu December 1876, Grant anavomera kuti panali zolephera, n'kunena kuti zinachokera pa kuweruza molakwa, osati pa cholinga choipa.

Opezeka olakwa analandira chilango chotani?

McDonald anagamulidwa kukhala kundende zaka 3 ndi kulipira madola 5,000. Joyce anapatsidwa zaka zitatu ndi theka, McKee ndi Avery zaka ziwiri aliyense. Palibe mmodzi mwa anayiwa amene anamaliza chilango chake. Grant anakhululukira McKee, Avery ndi McDonald asanachoke pampando, ndipo Joyce anakhululukidwa ndi pulezidenti wotsatira, Rutherford B. Hayes, mu 1877.

Bristow zinamuthera bwanji?

Anakhala mlendo pakati pa nduna zinzake, ndipo anatula pansi udindo mu June 1876. Mwezi womwewo anapikisana nawo pamsonkhano wa chipani ku Cincinnati wosankha woimira Republican, koma mwayi unagwera Hayes. Bluford Wilson nayenso anachoka, ndipo anakafotokozera komiti ya Nyumba ya Malamulo mmene kafukufukuyo anatchingidwira. Bristow anakakhala loya ku New York ndipo sanakhalenso paudindo wa boma.

Kodi izi n'zofanana ndi Whiskey Rebellion?

Ayi. Kumeneko kunali kuukira kwa alimi a kumadzulo kwa Pennsylvania okana msonkho wa wisiki wa 1791, ndipo pulezidenti George Washington anakuthetsa ndi asilikali mu 1794.

Pali chimene chinasintha m'boma chifukwa cha nkhaniyi?

Gulu la ku St. Louis linatheratu. Pa ndale, nkhaniyi inagwera pamwamba pa zina zimene zinali zitatopetsa kale anthu: katangale wa kampani ya Crédit Mobilier amene anaululika mu 1872, mavuto a zachuma a 1873, ndi nduna ya zankhondo William Belknap amene anatula pansi udindo pa 2 March 1876 chifukwa cha ziphuphu, patangopita sabata imodzi Babcock atamasulidwa. Chipani cha Democratic, chimene chinali chitalanda kale nyumba yaing'ono ya malamulo mu 1874, chinapanga katangale kukhala nyimbo ya kampeni ya 1876, ndipo woimira chipanicho, Samuel Tilden, anapeza mavoti ambiri a anthu kuposa Hayes, ngakhale mpando unapita kwa Hayes pambuyo pa mkangano wautali. Amene analipira mtengo waukulu anali akuda a kumwera, chifukwa chipani chimene chinkateteza ufulu wawo chinali chitafooka, ndipo mu 1877 boma linasiya kugwiritsa ntchito asilikali poteteza maboma a Republican kumeneko.

Kalembedwe ka ntchito kotengera chipani kanatenga nthawi kuti kakhudzidwe. Zinatengera kuphedwa kwa pulezidenti James Garfield mu 1881, ndi munthu amene ankadziona kuti wamanidwa udindo, kuti Nyumba ya Malamulo ivomereze lamulo la Pendleton mu 1883. Lamulolo linati ntchito zina za boma zizipezeka polemba mayeso, ndipo linaletsa kukakamiza ogwira ntchito kusonkhera chipani. Poyamba linakhudza ntchito imodzi yokha mwa khumi zilizonse, ndipo apulezidenti otsatira ndi amene anapitiriza kuonjezera maudindo ena pamndandandawo.